Kapu Yofiira ya Nyerere

Ana inu, tayankhani ndagi iyi. Masaya ali tutumu, koma m'kamwa mulibe kanthu. N'chiyani?

Mwati chule? Mwalephera! Ndi matsagwidi.

Nyerere ndi kamtsikana kakang'ono. N'chifukwa chake timamutcha Nyerere. Amakonda khanda la kwawo. Amalibereka. Amalipsompsona.

Tsiku lina Nyerere anadzuka thupi litatentha. Masaya anali atatupa. Akameza, pakhosi pankapweteka.

Amayi anapita naye kuchipatala.

"Awa ndi matsagwidi," anatero anamwino. "Amayenda m'malovu. Amayenda pokhosomola. Amayenda pa kapu."

"Nanga khanda lathu?" anafunsa Nyerere.

"Likhoza kutengera. Usaliyandikire mpaka uchire. Ukhale ndi kapu yakoyako."

Amayi anamupatsa kapu yofiira. Nyerere anagona m'chipinda chake. Ankamwa madzi ambiri. Ankakhosomolera m'kansalu. Ankasamba m'manja ndi sopo.

Khanda likalira, Nyerere ankafuna kuthamanga. Koma sankathamanga. Ankangoliimbira ali patali.

Kenako kunabwera malume. Malume amameta anthu tsitsi. Pakamwa pawo ndi wailesi yosazima.

"Ndili ndi ludzu!" anatero malume. Anatola kapu yofiira.

"Malume, ayi! Imeneyo ndi yanga. Mudwala!"

"Ine? Kudwala? Matenda akandiona amavula nsapato n'kuthawa!"

Anamwa madzi onse. Sanasiyemo ndi dontho lomwe.

Masiku anapita. Masaya a Nyerere anaphwa. Amayi ankagwira masaya a khanda m'mawa uliwonse. Anali ofewa. Mawa lake, ofewa. Mawa linanso, ofewa!

"Lapulumuka," anatero amayi. Mtima wa Nyerere unakhala pansi. Analibereka. Analipsompsona masaya onse awiri.

Tsiku lina kunja kunatentha kwambiri. Pakhomo panafika munthu. Anali atakulunga mpango kumutu konse.

"Odi," anatero ndi timawu tating'ono.

"Malume? Mpango ndi dzuwa lonseli?"

"Ndi fashoni," anatero malume.

Mpango uja unamasuka. Unagwa pansi. Mayo ine! Masaya ngati mipira iwiri!

Nyerere anaima pakhomo. Anatambasula manja.

"Imani pomwepo, malume. Muno muli khanda."

Anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi kapu yofiira.

"Nayi kapu yanu. Paja munaikonda. Muzimwa madzi ambiri. Mupitenso kuchipatala."

Amayi anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene, matenda aja sanavule nsapato?"

Malume anafuna kuyankha. Pakamwa panakana kutseguka.

"Mmm," anatero malume.

Khanda linawayang'ana lili patali. Nalonso linaseka, mano lilibe.

Wailesi inali itazima.