Diresi Limene Amayi Anadula

M'nyumba ya amayi telala tsiku linkayamba ndi pemphero, kenaka makina osokera n'kuyamba kulira. Anali amasiye, ndipo pakhomo panatsala mwana mmodzi, mtsikana amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Pansi pa bedi panali sutikesi, m'menemo muli diresi loyera limene amayiwo anakwatiwa nalo.

"Ili ndi lako, Mzime," ankatero akalitulutsa kuti lipitidwe mphepo. "Koma uyambe wanenepako kaye, ungadzagweremo."

Mzime sanali mwana woipa, kungoti maso ake ankakonda zonyezimira. Amene anamuyambitsa anali mnzake woluka tsitsi, wa m'saluni yoyandikana ndi shopu yawo.

"Iwe, zovala zonsezi zizingolendewera chonchi? Tavala chimodzi ndikujambule. Nsalu imalankhula ngati?"

Anayamba ndi kujambulitsa basi. Posakhalitsa ankapita nazo kokacheza, ndipo kumeneko anaphunzira kulawa vinyo. Tsiku lina amayi ananunkhiza bulauzi ya kasitomala.

"Mzime, awa ndi mafuta ako. Anthu amatisiyira nsalu zawo chifukwa amatikhulupirira. Usadzabwerezenso."

"Sindinaikhudze, amayi." Bodzalo linatuluka mosavuta moti mwini wake anadabwa.

Sabata imeneyo amayi anamaliza diresi la namwino wina amene ukwati wake unali Loweruka. Iwo atapita kumaliro, mnzake uja anasuzumira pakhomo.

"Lero kuli phwando kwathu. Ukabwera ndi ili, onse akagwa nawe."

Mzime analivala n'kupita, ndipo anthu anagwadi naye, mpaka wina anamugunda chigongono, vinyo wofiira n'kutsika kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Mzime anathamangira kumpopi. Atapaka sopo, banga linafalikira. Atathira mankhwala oyeretsera zovala, nsalu inapsa n'kubooka.

"Ine usandilowetsemo," anatero mnzakeyo. "Ndinakuveka ndine?"

Mzime anafinyikiza diresilo kuseri kwa mipukutu ya nsalu n'kuthawira kwa azakhali ake. Kumeneko chakudya sichinkatsika. Akati apemphere, mawu sankatuluka, chifukwa ankaganiza kuti Mulungu sangamumvere asanakonze yekha chimene anawononga. Koma akanakonza ndi chiyani?

Lachinayi m'mawa anabwerera. Ali patali anamva mayi a namwino uja akukalipa pakhomo pa shopu, anthu atadzaza msewu. Amayi ake anali chilili, mutu ataweramitsa.

"Lawonongekera m'manja mwanga," ankayankha. "Pepani. Mukandilola, ndiikapo nsalu ina, mwana wanu avala Loweruka."

Dzina la Mzime sanalitchule. Makasitomala ena analowa n'kutenga nsalu zawo zosasoka, iye akuonerera kuseri kwa mpanda.

Anthu atabalalika, analowa. Sutikesi ija inali yotsegula. Diresi la amayi linali patebulo, sizasi itadutsa kale pakati pake.

"Amayi, ayi! Limeneli ayi!"

"Nsalu yofanana ndi ya mkwatibwi ndi iyi yokha, mwanangu."

Mzime anagwada, misozi ili chuchuchu. "Ndine, amayi. Ndinalivala, ndinamwa, ndinakunamizani. Ndikwapuleni. Ndigwira ntchito usana ndi usiku mpaka mudzandikhululukire."

"Ndinadziwa nditangoliona. Ndipo ndinakukhululukira ndisanagwire sizasi." Anaika sizasiyo pansi. "Unayesa kuchapa wekha, si choncho? Taona bowoli. Tchimo ndi chimodzimodzi, Mzime. Palibe amene amadziyeretsa yekha. N'chifukwa chake Ambuye Yesu, wopanda banga, analola kubayidwa pamtanda kuti ife tivekedwe zoyera. Chikhululukiro sudzachigula, wina analipira kale. Chako n'kulapa."

Anapemphera limodzi pakati pa zidutswa za nsalu, ndipo ulendo uno mawu anatuluka. Madzulo ake Mzime anapita yekha kwa namwino uja kukaulula zonse. Namwinoyo anangoti, "Pita ukawathandize amayi ako."

Loweruka mkwatibwi analowa m'tchalitchi atawala, ndipo palibe anaona msoko. Mzime yekha, kumpando wakumbuyo, ndiye ankadziwa kuti kutsogolo konse kwa diresilo kunali kwake.

Achinyamata, musachepetse tchimo chifukwa choti Mulungu amakhululuka. Amakhululukadi, ndipo mukagwa thamangirani kwa Iye musanayambe kudzichapa nokha. Koma chikhululukiro chimene inu mumalandira kwaulere, pali amene chinamupweteka. Makasitomala ena sanabwererenso, ndipo sutikesi ija ikadali pansi pa bedi, yopanda kanthu.