Si Phulusa Anaswa Mtsuko

Kadzuwa amakhala ku Mua. Ali ndi mphaka wotuwa. Dzina lake ndi Phulusa. Phulusa ndi waulesi zedi. Amagona m'mawa. Amagona masana. Koma Kadzuwa amamukonda choncho.

Loweruka lina Amayi anapita ku Bwanje. Anakatenga mpunga pa ngolo. Kadzuwa anatsala pakhonde. Phulusa anagona pamiyendo pake.

Belu la ku mishoni linalira. Nthawi inali 12 koloko masana.

Kenaka pansi panagwedezeka. Chitseko chinagwedezeka. M'nyumba kabati inagwedezeka. Pamwamba pa kabati panali mtsuko. Mu mtsukomo munali mbewu ya mpunga. Mtsuko unagwa. Phwaa!

Amayi atafika anagwira m'chiuno.

"Phulusa ameneyu!" anatero Amayi. "Dzana ndinamupeza pa kabati. Mawa apita kwa amalume ako ku Mtakataka."

"Si Phulusa, Amayi," anatero Kadzuwa. "Pansi panagwedezeka."

"Ine sindinamve kanthu," anayankha Amayi.

Kadzuwa anakumbatira Phulusa. Mtima unamuwawa. Analira.

Posakhalitsa kunabwera Azakhali ake, a Sabina. Iwo ndi aphunzitsi.

"Azakhali, kodi munamva pansi pakugwedezeka?" anafunsa Kadzuwa.

"Sindinamve, mwanawe. Ndinali pa njinga. Koma tiye tifunse mapu."

Azakhali anatulutsa foni. Anatsegula mapu a pa intaneti.

"Pali makina omvetsera nthaka," anatero Azakhali. "Ikagwedezeka, amaika kadontho pa mapu awa."

Kadzuwa anaika zala ziwiri pa foni. Anazitambasula. Mapu anakula.

"Nayi nyanja!" anatero Kadzuwa.

Anatambasulanso. Mapu anakulanso.

"Apa ndi pa Golomoti! Apa ndi kwathu!"

Pa mapu panali mzere wautali. Unadutsa m'munsi mwa mapiri. Kadzuwa anayang'ana mzerewo. Anayang'ana mapiri kuseri kwa nyumba.

"Umenewo ndi mng'alu," anatero Azakhali. "Uli pansi pa nthaka. Miyala yake ikasuntha, pansi pamagwedezeka. Chimenecho ndi chivomerezi."

Kadzuwa anafufuza kadontho. Anakankhira mapu uku. Panalibe. Anakankhira mapu uko. Panalibe. Anakankhanso pang'ono.

"Nako! Kadontho kofiira!"

Kanali pafupi ndi mzere uja. Kadzuwa anakadina. Panatuluka malemba. Azakhali anawerenga mokweza.

"Chivomerezi chaching'ono. Lero. 12 koloko itangokwana."

"Belu litangolira!" anafuula Kadzuwa.

Amayi anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Nthawi imeneyo ndinali pa ngolo. Ngolo imagwedezeka njira yonse. Ndikanamva bwanji?"

"Inenso njinga yanga ndi maenje okhaokha," anaseka Azakhali.

Amayi analowa m'nyumba. Anayang'ana mapale a mtsuko. Anali pa mphasa ya Kadzuwa. Pamenepo ndi pamene Kadzuwa amakhala powerenga. Amayi anaitana Kadzuwa. Anamukumbatira mwamphamvu.

"Pepa, mwana wanga. Unanena zoona. Mtsuko ndi dothi chabe. Ndikuthokoza Mulungu kuti sunakugwere."

Onse atatu anatola mbewu. Anatola pa mphasa. Anatola pansi pa kabati. Anathira mu mtsuko wina.

"Uwu usapite pamwamba," anatero Kadzuwa.

"Zoona," anatero Amayi. "Zolemera zizikhala pansi."

Anauika pansi, pakona. Anauvundikira bwinobwino.

"Nanga Phulusa apita?" anafunsa Kadzuwa.

"Sapita. Phulusa ndi wathu."

Kadzuwa anadumpha ndi chimwemwe.

"Zikomo, Amayi! Zikomo, Azakhali! Zikomo, kadontho kofiira!"

Amayi anatenga usipa uwiri. Anagwada pafupi ndi mphaka.

"Nawenso pepa, Phulusa. Ndinakunamizira."

Phulusa sanamve. Anali atagona kale pa mtsuko watsopano.