Tsabola ndi Ndere za Pakhoma

Tsabola anali mtsikana wosachedwa kupsa mtima. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake. Koma chaka chimenecho anali ndi chifukwa chokwiyira. Mlongo wake wamng'ono, Timba, ankadwala.

Timba ankamva m'mimba. Timba ankakana chakudya. Timba sankathamanganso. Tsabola ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Timba achire.

Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu wa kumgodi. Malole ankadutsa m'mawa. Malole ankadutsa masana. Ankanyamula miyala osavundikira. Fumbi pawindo, fumbi m'mbale, fumbi pazala za Timba. Ndipo Timba ankakonda kuyamwa zala.

Tsiku lina Tsabola anapita pageti la mgodi. Anapeza kapitawo wa malole.

"Bambo, fumbi lanu likudwalitsa mlongo wanga," anatero Tsabola.

Kapitawo anaseka. "Fumbi ndi fumbi, mwana iwe. Umboni uli kuti?"

Tsabola anapsa mtima. Anabwerera kunyumba atatupa ngati chule.

Kenako kunabwera mlendo. Anali mayi woyeza mpweya ndi dothi. Anaima pafupi ndi khoma la nyumba yawo. Pakhomapo panali ndere. Ndere ndi tizomera totuwa, touma. Timamata pamiyala ndi pamakoma.

"Mukufunanji pakhoma pathu?" anafunsa Tsabola atakwinya nkhope.

"Nderezi," anayankha mayiyo. "Ndere zilibe mizu. Zimamwa mvula. Zimamwa fumbi. Ngati m'fumbi muli mtovu, ndere zimausunga."

"Mtovu n'chiyani?"

"Ndi chitsulo chopezeka m'miyala ina. Ukalowa m'thupi, mwana amadwala. Mawa ndibwera ndidzapaleko pang'ono. Ndikaziyeza."

Tsabola anathamangira m'nyumba.

"Amayi, mawa kubwera mlendo kudzaona khoma lathu."

Anatenga chikwama n'kuthamangira kusukulu. Za ndere sananene.

Amayi anatuluka panja. Anayang'ana khoma lija. Anachita manyazi.

"Khoma lauve chonchi mlendo alione? Anthu anditi chiyani ine?"

Amayi anatenga ndowa. Anatenga sopo ndi bulashi. Anakwecha. Anakwecha. Anakwechanso.

Tsabola pobwera, khoma linali mbee. Ndere zonse zinali zitapita ndi madzi.

"Amayi, mwatani?"

"Ndatsuka. Sukuona kuwala kwake?"

"Mlendo uja amafuna ndere, Amayi. Mwatsuka umboni wa Timba!"

Amayi anagwira pakamwa. "Nanga iwe unandiuza? Unangoti khoma, basi liwiro."

Tsabola anakwiyira amayi. Anakwiyira bulashi. Anakwiyira kapitawo. Anadzikwiyiranso yekha. Anamenya ndowa ndi phazi. Chala chinapweteka. Anakwiyiranso ndowayo.

Anakhala pansi atagwira chala. Misozi inali pafupi. Anayang'ana kumwamba kuti isagwe. Pamenepo anaona kanthu. M'munsi mwa denga munali kachigamba kotuwa. Amayi anali aafupi. Bulashi sinafikepo.

"Amayi, onani uko," anatero Tsabola. "Koma bulashiyo ndipatseni kaye."

Anaibisa pansi pa bedi.

M'mawa mayi woyeza uja anabwera. Makwerero panalibe. Abambo ananyamula Tsabola pamapewa. Mayiyo anamupatsa magolovesi, kampeni ndi envulopu.

"Pala pang'onopang'ono, mwanangu," anatero.

"Ababa, musagwedere," anatero Tsabola.

"Sindikugwedera ine. Ukugwedera ndiwe."

Tsabola anapala. Anapala mosamala. Ndere zinagwera mu envulopu. Palibe imene inagwa pansi.

Mayiyo anapita nazo. Tsabola anadikira. Malole ankadutsabe. Timba ankagonabe. Tsabola ankakwiyira lole iliyonse.

Kenako mayiyo anabweranso. Anabwera ndi akuluakulu oyang'anira migodi. Kapitawo nayenso anamuitana. Onse anaima pakhomo.

"Ndere zija zili ndi mtovu wambiri," anatero mayiyo. "Ukuchokera m'fumbi la malole."

Kapitawo anayang'ana nsapato zake. Tsabola analowa m'nyumba. Anatuluka atabereka Timba. Anaima patsogolo pa kapitawo.

"Bambo, uyu ndiye mlongo wanga. Dzina lake ndi Timba. Muoneni."

Kapitawo anamuona. Anavula chipewa. "Ndinalakwa, mwanawe," anatero.

Malole anayamba kuvundikiridwa ndi malona. Galimoto yamadzi inayamba kunyowetsa msewu. Timba anapita kuchipatala. Dokotala anamuyeza magazi. Anamupatsa mankhwala. Tsabola ankamusambitsa m'manja asanadye.

Timba sanachire tsiku limodzi. Anayamba kukhala tsonga. Kenako anayamba kuyenda. Kenako anayamba kusokosera.

Tsiku lina banja lonse linakhala pakhonde. Tsabola anasenda nthochi yake. Asanalume, kadzanja kanabwera. Timba anatsomphola nthochi n'kuthawa.

"Iwe Timba, bwera nayo kuno!" anakuwa Tsabola.

Timba anathamanga. Ankadya uku akuthamanga. Masaya anali tutumu.

"Lero ndiye kuli nkhondo," anatero Ababa.

Tsabola anaimirira. Anakwinya nkhope. Anayesetsa kukwiya. Anayesetsa ndithu. Koma zinakanika. Anayamba kuseka.

"Amayi," anatero, "mupatseni inanso."