Usiku Umene Mabodza Anandithera

Ine Filipo sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma mutu unali wachangu. Kwathu kuno kumapiri, kuseri kwa Chezi, munthu akafuna bodza lomuwombola pamlandu ankabwera kwa ine. Ndinkati kuganiza n'komweko: kupeza pothawira mnzako asanatseke pakamwa.

Chaka chimenecho, nthawi yofukiza fodya, ndinachita chibwana. Alamu anga a Vinsenti anayanika jekete pachingwe, baji ya chipani ili pachifuwa. Ine ndinaichotsa n'kuimangirira pakhosi pa tonde wawo. Ndinkangofuna kuwaona akuthamangitsana ndi mbuzi, basi. Koma tondeyo anayenda mpaka pamsika, pomwe anyamata a malaya ofiira ankayang'ana makadi a chipani. Dzuwa likulowa uthenga unafika: mawa kubwera galimoto kudzatenga a Vinsenti, anyoza chipani. Wondiona ine panalibe.

Mlongo wanga Rakele, mkazi wa a Vinsenti, analira mpaka mawu kusasa. Ndinati, "Tontholani achemwali, ndiganizapo." Ndinanyamula bulangete, ulendo kubalani kukafukiza fodya.

Fodya wa chikopa safuna lawi. Amafuna utsi, nkhuni zikunyeka pang'onopang'ono m'dzenje. Ukasinza moto n'kulilima, watentha thukuta la chaka chonse. Tsono ndinakhala pakhomo ndikusanja mabodza. Ndinene kuti ndi ana. Ndinene kuti baji inakola yokha mbuzi ikudzikanda. Ndinafika pa bodza lachisanu ndi chiwiri.

Agalu onse anasiya kuuwa nthawi imodzi.

"Odi kuno."

Anali bambo wamtali, malaya oyera, tayi pakhosi, koma opanda nsapato. Anakhala pachitsa, pomwe penipeni utsi unkatulukira. Ine maso ankachucha misozi. Iwo osatsokomola n'kamodzi komwe.

"Mukutani, a Filipo?"

"Ndikuganiza, wawa."

"Ayi. Mukuthamanga muli chikhalire."

Mawuwo ndinawadziwa. Anali a aphunzitsi Elia, amene galimoto inadzawatenga zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, osabweranso. Msana wonse unachita zii. Ndinayesa kuseka, koma kunangotuluka kamphepo.

"Mwabwera liti, aphunzitsi? Mwanenepatu."

Sanaseke. Analoza m'balani. "Tsamba ilo mungalifulumize ndi lawi?"

"Lingapse. Limafuna likhale mu utsi masiku ndithu."

"Nanga inu munakhalapo m'nkhani imodzi mpaka ikulumeni m'maso? Tiyeni tiyese. Galimoto yafika. A Vinsenti akwera. Kenako?"

"Ndikanena kuti ndi ana..."

"Musathawe. Akwera. Kenako?"

Ndiye ndinaona. Chitseko cha galimoto chatsekeka. Rakele akutola nsapato imodzi pafumbi.

"Kenako?"

Mvula yagwa, munda wamera nsongole. Anthu akumulambalala Rakele pachitsime ngati wakhate, kuopa kuwerengedwa naye limodzi.

"Kenako?"

Ndikangoona kakhomo koti ndituluke, iwo ankakatseka ndi liwu lomwelo. Sankakalipa. Ankafunsa ngati m'kalasi, podikira mwana wochedwa kumva. Thukuta linanditsika, kuli chisanu cha Juni.

Kenako anasendera pafupi. Panalibe fungo la munthu, ngakhale mpweya.

"Ine nditakwera, a Filipo, munafunsapo kuti kenako?"

Apo m'pamene zinthu ziwiri zinakumana m'mutu mwanga. Tsiku lina aphunzitsi ananena pabawo kuti khadi silimeretsa chimanga. Ine ndinakabwereza pamowa, motsanzira mawu awo ndi kayendedwe kawo, anthu n'kugubuduka ndi phwete. Patatha sabata galimoto inafika. Zonsezi ndinkazidziwa, chilichonse pachokha. Sindinazibise ayi. Kungoti sindinaimepo pakati pake nthawi yokwanira.

Ndinayang'ana mapazi awo. Udzu unali ndi mame, koma mapaziwo anali ouma, otuwa ndi fumbi.

"Kenako?" anatero.

Ndinakumba m'mutu kufuna bodza. Onse asanu ndi awiri anali atapita.

Zoti ndinanyamuka bwanji sindikudziwa. Chimene chinandidzidzimutsa ndi kukuwa kwa mayi wina, tsache lili m'manja. Kunja kunali kutayera. Ndinali nditakhala pakhonde la a Obadiya, atcheyamani a chipani, tsidya la mtsinje, mtunda wa mamailosi atatu kuchokera kubalani. Mtsinjewo ulibe mlatho. Buluku langa linali louma.

A Obadiya anatuluka akumanga lamba. "Iwe Filipo, wagwa kuchokera kuti? Ukufunanji pakhomo panga?"

Ndinatsegula pakamwa, ndikudikira kuti lilime lindipulumutse monga mwa masiku onse. Linangoti, "Baji ija ndinamanga ndine."

Galimoto inabwera ndithu. Anakwera si a Vinsenti. Ndinabwerako patatha miyezi isanu ndi inayi, mano awiri atatsala komweko. Alamu anga mpaka lero moni wawo ngwapakhosi, koma munda wawo akulima okha.

Kumudzi kuno ali ndi mafotokozedwe awo. Amanong'onezana kuti ndinkatamba usiku umenewo, lichero linanditaya pakhonde la eni, ndiye poopa kutchedwa mfiti ndinasankha mlandu wa mbuzi. Ine sinditsutsa. Masiku ano kuli bwino akuyese mfiti kusiyana n'kuti adziwe amene unacheza naye.