Makhadi Amene Pompano Anafufuta

Pakhomo pa mayi wosoka zovala panali mtendere. Makina ankalira tsiku lonse, ndipo palibe ankagwira mbale asanapemphere. Chodandaulitsa chinali chimodzi: mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankamutchula kuti Pompano, chifukwa ukamutuma ankangoti "ndichita pompano," iye ali chikhalire.

Malume ake anali katswiri wojambula mafilimu. Atapeza ntchito pa filimu ina yaikulu, anamutenga kuti aphunzire.

"Ntchito yako ndi imodzi," anatero malumewo. "Tikaweruka, uzikopera mu kompyuta zonse zili m'khadi ya kamera. Ukaona ndi maso ako kuti zalowa, ndiye ufufute khadiyo."

Mayi ake anaonjezera, ulusi uli kukamwa: "Iwe, ulesi wakowo uusiye pakhomo pano. Achimwenewa aika dzina lawo pa iwe."

Sabata yoyamba zinayenda bwino. Kenako Pompano anapalana ubwenzi ndi mtsikana wina wosewera mu filimuyo, wokonda botolo.

"Tiye tikangolawako kamodzi," anatero mnzakeyo. "Kompyuta ili ndi miyendo ngati?"

Anapita. Mawa lake anapitanso. Makhadi anaunjikana m'chikwama, okopera ndi osakopera omwe, ngati masokosi osachapa. Tsiku lina m'mawa malume anaitanitsa makhadi opanda kanthu. Pompano, mutu uli waa ndi matsire, anangofufuta onse. Ntchito ya masabata atatu inatha psiti! Kubwereza sikukanatheka, poti wosewera wamkulu anali atapita kale kunja.

"Wachita zimenezi ndani?" anakalipa mwini filimu.



"Ndine," anayankha malume.

Filimu inafera pomwepo, ndipo palibe anawaitananso pa ntchito. Katswiri uja anakatsegula kachipinda pafupi ndi pokwerera basi, n'kumajambula anthu zithunzi za ziphaso. Zomvetsa chisoni zedi.

Patatha zaka ziwiri, kunabwera mtolankhani wamkazi ndi kamera. Ankakonza filimu yofotokoza mmene filimu ija inagwera, ndipo ankafunsa onse amene anagwirako ntchito. Anamukhazika Pompano pafupi ndi makina osokera, n'kumuonetsa pa kamera zimene malume ananena. Malumewo anali mu shati yosuluka, akulankhula modekha: "Ndinafufuta ndine. Mwanayo musamuvutitse."

"Uli ndi choonjezera?" anafunsa mtolankhaniyo.

Pompano anafuna kunena kuti abwere tsiku lina. Koma makina a mayi ake anali atasiya kulira, ndipo m'nyumba munali zii. Manyazi anamugwira.

"Yatsani kamerayo," anatero. "Ndinafufuta ndine. Ndinkapita kumowa osakopera. Malume anangondivindikira."

Masana omwewo anapita ku kachipinda kaja n'kugwada pakhomo.

"Dzuka mwanawe, ukutchinga makasitomala," anatero malume akumwetulira. "Ndinakukhululukira kalekale."

"Filimu ya mtolankhaniyo ikatuluka adzakuitananinso, malume."

Iwo anatambasula manja. Ankanjenjemera chifukwa cha matenda.

"Chaka chatha akanandiitana ndikanapita. Pano kamera yaikulu sindingaigwirenso."

Pompano analira ngati mwana. Analapa, inde, ndipo dzina la malume linayera, koma manja aja sanabwerere.

Achinyamata inu, ulesi ndi mowa sizipweteka mwini yekha. Ntchito imene mwainyalanyaza lero, adzaisenza ndi munthu amene amakukondani. Ndipo ngati mwalakwa, vomerani tsiku lomwelo.