Imfa pa Desiki ya Madandaulo

Mtembo unapezeka Lachiwiri, 7:20 m'mawa, mu ofesi yam'mwamba ya sitolo yogulitsa katundu wa makanda. Kalaliki wolandira madandaulo anali chagada pafupi ndi kabati yachitsulo, bala lili kunkhongo. Dokotala anati anafa Lolemba cha m'ma 5 koloko madzulo.

Sajeni, mkhalakale pa milandu yakupha, anayamba ndi mlonda, poti Lachisanu anamveka akutukwanizana ndi malemuyo. Kunali kutaya nthawi. Lolemba lonse mlondayo anali kuchipatala ndi mkazi wake, ndipo anamwino anachitira umboni.

"Nanga kamera iyo?" Sajeni anafunsa manijala.

"Zithunzi sitisunga kuno, bwana. Zimapita kukampani ina kunja kwa dziko. Mayina ndi manambala a makasitomala amapitanso komweko."

Sajeni anaimbira kampaniyo, anamuuza kuti alembe kalata. Analemba. Yankho linabwera Lachitatu: malamulo akwawo salola kupereka chilichonse popanda khoti lakwawo, adikire masiku makumi asanu ndi anayi.

"Kugulitsa mayina a anthu ndi tsiku limodzi," anatero akumenya tebulo. "Kuthandiza pamaliro mpaka miyezi itatu!"

Lachinayi anabwerera mu ofesi muja n'kukhuthula madilowa onse. M'faelo ina munali mafomu a anthu opempha kuti mbiri yawo ifufutidwe. Asanu ndi awiri anali a munthu mmodzi, kalipentala, ndipo panalibe ngakhale imodzi yoyankhidwa. Atakoka kabati ija, kuseri kunagwa fomu yachisanu ndi chitatu, yong'ambika, ya deti la Lolemba. M'mapindidwe mwake munali utuchi.

Pokwana 2:15 masana, kalipentalayo anali atakhala m'chipinda chofunsiramo, manja ali pamaondo.

"Fomu iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Lolemba munafika nthawi yanji?"

"Atatsala pang'ono kutseka." Anayang'ana fomuyo. "Sindikuvutitsani, bwana. Ndinamukankha ndine."

"Chifukwa?"

"Mayi akunyumba ali oyembekezera tinatenga khadi yochotsera mitengo pasitolopo. Anatilembetsa nambala ndi mwezi wochira. Mwanayo anakhala masiku awiri okha." Anayang'ana khoma. "Koma kwa iwowo adakali moyo. Mauthenga amabwera pafoni ya mayiwo, ochokera kumakampani osawadziwa n'komwe. 'Wayamba kumera mano.' 'Wayamba kukwawa, mugulireni izi.' Tinasintha nambala, patatha milungu itatu anatipezanso."

"Munakadandaula kuti?"

"Kuli kumene sindinapondeko? Lamulo limati ndili ndi ufulu wouza kampani kuti ifufute za ine. Kuboma anati pitani kusitolo. Kusitolo akuti lembani fomu. Ndalemba mpaka dzanja kuwawa."

"Ndiye Lolemba?"

"M'mawa mwake unabwera uthenga wakuti, 'Tsiku lobadwa labwino, wakwanitsa chaka.' Mayiwo anauona ndisanaufufute. Anadzitsekera kuchipinda, osadya, osayankhula. Ndinapita ndi fomu ina. Kalalikiyo sanaiwerenge n'komwe. Akuti, 'Achimwene, lamulo lanulo limathera pamalire, zanu zinawoloka kalekale.' Kenako anaseka. Akuti, 'Ingoberekani wina, mauthengawo agwire ntchito.'"

Sajeni anasiya kulemba.

"Ndinangoona mdima. Tinalimbirana pepalalo, ndinamukankha pachifuwa. Nditamva mutu ukugunda kabati, ndinathawa."

"Mukadaitana anthu, mwina akadapulumuka. Iyenso wasiya ana awiri."

"Ndikudziwa, bwana."

Sajeni anamuwerengera mawu ake onse, n'kumupatsa cholembera. M'mutu mwake ankawerenga anthu amene anagula ndi kugulitsana dzina la mayi uja, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kumuitanitsa m'chipindamo. Yekhayo amene unyolo wake ukanamufikira anali uyu.

Kalipentala anasaina, natambasula manja yekha. Atafika pakhomo anaima.

"Bwana, ndifunseko. Ndimadzuka 5 koloko tsiku lililonse kuti ndifufute mauthengawo mayiwo asanadzuke. Kuyambira mawa aziwafufuta ndani?"