Nsapato Zoyang'ana Kunja

Mlendoyo anafika dzuwa lili paliwombo. Analibe nsalu yosoketsa. Anangovula nsapato pakhomo la shopu ya telala, n'kuzitembenuza kuti ziyang'ane kunja, kenako n'kukhala pabenchi.

Mtsikana amene ankasungira amayi ake shopuyo, yemwe amayiwo ankamutchula kuti Nkhutukumve, anaziyang'anitsitsa nsapatozo. Amayi ake okha ndiwo ankaika nsapato chotero, ndipo chifukwa chake sankanena.

"Tikuthandizeni, mayi? Eni ake apita kukagula ulusi."

"Ndiwadikira," anayankha mlendoyo. Pakhosi pake panali chipsera chotuwa chotsikira m'kolala. "Nanga masowo afiira ndi chiyani?"

Mtsikanayo anangopezeka wakhuthula zonse. Sukulu anali atamaliza, ndipo ankafuna kukaphunzira ntchito yozimitsa moto ndi kupulumutsa anthu pangozi. Mayeso olowera anali Lolemba, koma amayi ake anali atakanitsitsa.

"Akuti ntchito imeneyo inawalanda kale munthu. Ndikafunsa kuti ndani, amangopalasa makina."

"Iwe ukuyesa ndi kungokwera galimoto yofiira anthu akukuchemerera?" anaseka mlendoyo. "Masiku ambiri n'kupinda mapaipi, kunyamula okomoka, kudikira. Kwina umafika mochedwa, n'kubwerako chakudya osachifuna."

"Ngakhale zili choncho, ndikufuna."

Asanayankhidwe, kunja kunamveka mkuwo. "Moto! Moto!"

Chiwaya cha mayi wokazinga mbatata pafupi ndi shopuyo chinali chitagwira moto, malawi akunyambita denga. Mtsikanayo anatola ndowa yamadzi n'kuthamanga. Atangoti athire, dzanja lolimba linamugwira. Mlendo uja anali atafika kale, nsapato zili kuphazi.

"Madzi pamafuta ayi, tipsa tonse! Bweretsa chivundikiro icho."

Mlendoyo anachikankhira pachiwaya pang'onopang'ono, ndipo moto unangoti zii. Koma mkono wa mayi wambatata unali utapsa.

"Swerani dzira!" anakuwa wometa tsitsi.

"Ayi, mankhwala otsukira mano!" anatero wina.

"Achimwene, mukufuna kuukazinganso mkonowu?" anafunsa mlendoyo, anthu n'kuseka. "Tiyeni kumpopi. Iwe mtsikana, avule chibangilicho mkono usanatupe. Madzi aziyenderera osaleka, ndipo uziwalankhula."

Manja a mtsikanayo sananjenjemere. Anagwira mkonowo pansi pa madzi.

"Amayi, ndiyang'aneni ine, pabalapo ayi. Mwana wanu uja wayamba kuyenda?"

"Wayamba," anasisima mayiyo, "akugwetsa zinthu nyumba yonse." Kupuma kwake kunayamba kubwerera m'malo.

Mtsikanayo atadzutsa mutu, anaona amayi ake ataima kumbuyo kwa anthu. Sanadziwe kuti afika nthawi yanji. Maso awo anachoka pa iye n'kugwera pa mlendo uja, ndipo ulusi unawapulumuka n'kugubuduzika m'fumbi.

Mayi wambatata atatengedwa kupita kuchipatala, atatuwo anavula nsapato pakhomo n'kulowa m'shopu.

"Mwabwera kudzanditengera mwana?" amayi anafunsa mlendoyo. "Si paja ndinakulondani m'chipatala, khosi lili mabandeji okhaokha, inu mutangochira n'kubwereranso kumoto komweko?"

"Ndipo iwe unati ndisadzapondenso pakhomo pako. Ndabwera poti ndakusowa, mng'ono wanga. Za mwanayu sindinkadziwa. Koma wawaona wekha manja akewa."

Amayi anayang'ana manja a mwana wawo. Kenako anawerama pakhomo, n'kutembenuza nsapato za mwana wawo kuti ziyang'ane kunja, pambali pa za mlendo zija.

"Lolemba udzalawire," anatero. "Ozimitsa moto sadikira munthu wofunafuna nsapato."

Mtsikanayo anawakumbatira, misozi ili mbwembwembwe. "Koma amayi, awa ndi ndani?"

Amayi anapukuta m'maso, akuseka.

"Amayi ako aakulu awa. Nkhutukumve weniweni ndi ameneyu. Iwe dzinali unangobwereka."